Kaliwo wa Wokonza Mawotchi

Mayi wina wamasiye anayamba kuwalabadira bambo okonza mawotchi tsiku limene fodya anawamwazikira pansi. Anali atakhala pakhomo pa chipinda chawo, moyang'anizana ndi chake, manja akunjenjemera ngati a munthu wa malungo. Manja omwewo ndi amene anawaleketsa ntchito.

Fodya wawo anali wa m'kachitini, wotsenderezedwa n'kudulidwa timagawo topyapyala. Malemu mwamuna wake ankasuta wotereyu, iye n'kumangoonerera. Tsiku limenelo mayiyo analimba mtima, nawoloka kanjira, nagwada kutolera fodyayo.

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse ankatikita kagawo kamodzi m'chikhatho mpaka kafumbutuke, n'kulonga m'kaliwo, n'kutsendera ndi chala chachikulu. Bambowo ankayatsa, moto n'kuzima, n'kuyatsanso, akukoka mpaka masaya kulowa m'kati. Zotsala za machesi zinkangoti mbwee pansi. Sankacheza zambiri. Kwa mayiyo fungo lija linali lokwanira, ndipo tsiku linkatha msanga.

Kenako mwana wamkazi wa bambowo anabwera ndi galimoto.

"Adadi, nokha simungakhalenso. Koma chinthu chonunkhachi m'nyumba mwanga ayi."

Mayi uja analonga komaliza, akudziwa kuti mawa masana adzasowa kolowera. Bambowo sanayatse. Anamuika kaliwoyo m'manja, akumwetulira mofooka.

"Sungani, mayi. Koma ndikuuzeni lero: mumatsendera kwambiri. Miyezi yonseyi utsi ndimachita kulimbana nawo. Ndinkaopa kuti ndikanena, ndi manyazi anuwa, simubweranso."