Pende Zimene Ndinabisa

Lero ndilemba zoona. Atate ndi msodzi, koma nsomba zikuluzikulu timangoziona m'dengu. Zimapita ku Lusaka, ife n'kutsala ndi mitu ndi chibwabwa, masamba a maungu aja.

Loweruka atate anasiya nsomba za pende zonona zoti zigulitsidwe, napita ndi amai kudimba kukaingitsa anyani. Masana kunafika mayi wogula nsomba, amene amabwera mwa apo ndi apo chifukwa msewu wa kuno ku Kavalamanja ndi woipa.

"Mwana iwe, nsomba zilipo?"

"Zatha, amai," ndinayankha nditagwada mwaulemu, dengu lili kuseri kwa chitseko.

Pofika madzulo, ndi kutentha kwa kuno, nsomba zinali zitafewa. "Wogula sanabwere," ndinanamanso. Amai anaphika zonse. Ndinadya mpaka kunyambita zala, ndikudzilimbitsa mtima kuti aphunzitsi amatiuza kuti mwana wa sukulu azidya zomanga thupi.

Atate anangodya pang'ono, maso ali pa mapazi anga.

"Idya ukhute, mwanangu," anatero. "Ndi nsapato zako zatsopano zimenezo."

Mawa ndikubwerera kusukulu ndi nsapato zakale, chala chachikulu chili panja. Koma thupi ndamanga.