Unkhoswe wa ku Al Murra

Chaka changa chachitatu ku Doha ndinkaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya ana a anthu obwera, ndipo teremu imeneyo silabasi inatifikitsa ku America wakale, nkhondo yapachiweniweni isanabuke. Nkhaniyo ndinkaikonda mopitirira muyeso. Ndinkazungulira kutsogolo kwa kalasi ndikufotokoza za dziko limene linang'ambika pakati chifukwa cha funso limodzi, loti kodi munthu angakhale katundu wa mnzake. Eni minda ya thonje akumwera ankati inde. Ena akumpoto ankati ayi. Mipingo inagawikana, abale analeka kuyenderana, aphungu anafika pokwapulana ndi ndodo m'nyumba ya malamulo.

Chimene chinkandiwawa kwambiri linali lamulo lokakamiza akumpoto kubweza kapolo aliyense wothawira kwawo, ndi chilango kwa womubisa. Ndinkawauza ana aja kuti oipitsitsa sanali eni akapolo, koma anthu abwinobwino, opemphera, amene ankadziwa chilungamo n'kumubwezabe munthu poopa kutaya zawo. Ine pakamwa ndili napo, ndipo ndikakhala pabwino, mphepo ya makina ikundipemerera, sindinyengerera munthu.

Kuno tsiku lopuma ndi Lachisanu. Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinkakumana ku Al Muntazah, pabalaza pa nyumba ina yakale imene mainjiniya anayi ankakhala limodzi. Tinkapemphera, kuimba motsitsa mawu poopa aneba, ndi kukambirana za odwala ndi maliro. Wapampando wathu anali bambo wa imvi wa ku Dedza, injiniya amene anakhala kuno zaka zambiri kuposa tonse. Anali munthu wodekha, ndipo sindidzanena kuti anali woipa.

Lachisanu lina tili pakati pa nyimbo, namwino wina wa ku Chipata, mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo, analowa atagwira mayi wina padzanja. Mayiyo anali wa msinkhu wa mng'ono wanga, atavala yunifolomu ya antchito a m'nyumba, masilipasi kuphazi, jumbo yakuda m'manja. Namwino anamupeza atakhala pansi pamalo okwerera basi ku Al Sadd, akulira m'chilankhulo chathu, m'kalankhulidwe ka ku Chipata. Nyimbo inafera pakhosi.

Anagwada pakhomo n'kuyamba kufotokoza.

"Nachoka ku Al Murra, ku villa. Chibwelele sininatulukepo pa geti. Day off kulibe. Passport banatenga ba madam, foni banatenga. Nigona mu store pamodzi na ma gas. Dzulo banimenya na hanger cifukwa mwana anagwa. Lelo banituma kutaya zinyalala, geti inali open, nangoyenda."

Anakweza mkono wa yunifolomu. Sitinafunike kufunsanso.

Pabalaza paja panagawikana nthawi yomweyo, osachita kuitanira. Ena anati mayiyu asabwererenso. Ena anati kusunga wantchito wothawa kwa bwana wake ndi mlandu, ndipo apolisi akamupeza pano tonse tikwera ndege. Bambo wina amene ndinkakhala naye benchi imodzi chaka chonse anati atsikanawa amasaina kontirakiti okha, palibe anawagwira ndi chingwe. Apo ndinapsa mtima. Ndinaimirira, ndinawauza kuti munthu wotsekeredwa, wolandidwa pasipoti, womenyedwa, dzina lake ndi kapolo, ngakhale mutamuveka yunifolomu. Ndinawakumbutsa kuti makolo athu anayendapo m'magoli kupita kunyanja, ena mwa iwo ogulitsidwa ndi abale awo omwe. Ndinati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinatokota, ena anawomba m'manja, ndipo kunena zoona, ndinadzimva kukoma.

Namwino anati pali ofesi ya boma yomva madandaulo a antchito, koma itsegula Lamulungu. Chofunika chinali malo oti mayiyu agone masiku awiri basi. Iye ankakhala ku hositelo ya chipatala, komwe mlonda salola mlendo ngakhale kulowetsa phazi. Mainjiniya anali amuna okhaokha m'nyumba ya kampani. Ena onse ankagona anayi kapena asanu ndi mmodzi m'chipinda.

Wapampando anandiyang'ana mofatsa.

"Amayi aphunzitsi, mwalankhula bwino, no problem. Inu muli ndi fulati yanuyanu ku Al Sadd. Ndiye agona kwanu?"

Fulatiyo inali ya sukulu. Pakhomo panali makamera, ndipo aneba anga anali aphunzitsi anzanga. Ana anga awiri anali ku sekondale ku Zomba, mayi anga akudwala shuga, ndipo onsewo ankadya kuchokera pa kontirakiti yanga. Zonsezi zinandidzera nthawi imodzi. Mayi uja ankandiyang'ana ndi maso a munthu amene wapeza wake. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinayamba kunena za malamulo a sukulu, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa ku Ndirande.

Wapampando sanandinyoze. Anandipatsa potulukira, ndipo chimenecho ndicho sindinawakhululukire.

"Kwa eni kulibe mkuwe, abale anga," anatero. "Kwathu mkazi akathawa pabanja sitimubisa. Timatuma ankhoswe. Amamuperekeza, amapepesa, amamuuza mwamuna kuti izi ndi izi zisachitikenso, ndipo amapitapita kukaona. Tichite chomwecho madamu asanakapange report ku polisi. Akadziwa kuti mwanayu ali ndi anthu ake, achita manyazi. Ndipita ine, koma pafunika ndi mayi."

Anthu anavomera ndi mitu, poti unkhoswe timaudziwa tonse, ndipo kwathu umagwira ntchito. Namwino anakana kwamtuwagalu. Anati uyu si mkazi wa munthu, ndipo madamuyo si mkamwini wathu. Palibe anamumvera. Atandisankha kukhala nkhoswe yachikazi, ndinavomera msanga, mtima uli phee ngati ndatula mtolo. Namwino anatulutsa foni yake yakale m'chikwama, anaika m'jumbo ya mayi uja, anatuluka osanditsanzika.

Tinakwera takisi cha m'ma folo koloko, dzuwa likadali lolasa. Wapampando anakhala kutsogolo, ife awiri kumbuyo. Mayiyo sanalire. Anangofumbata jumbo yake, akuyang'ana masitolo ndi anthu oyenda m'misewu, zinthu zimene anali asanazione chifikireni m'dziko lino. Titayandikira, makoma ataliatali atayamba mbali zonse, anandigwira bondo.

"Amai, muzabwela kuniona?"

"Lachisanu lililonse, asisi. Ine ndine nkhoswe yanu tsopano."

Ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo.

Madamu anatilandira m'kachipinda ka alendo pafupi ndi geti. Anali mayi wooneka bwino, wonunkhira, ndipo anatipatsa juwisi wozizira ndi zipatso za kanjedza. Wapampando analankhula m'Chingerezi chaulemu, manja ali pamodzi. Anapepesa m'malo mwa mwana wathu. Kenako anapempha zitatu: azipuma tsiku limodzi pa sabata, azikhala ndi foni, ndipo asamenyedwenso. Madamu ankangomwetulira.

"Mafi mushkila, mafi mushkila. Inshallah," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto, Mulungu akalola.

Mayi uja anagwada monga timachitira kwathu nkhani ikamatha. Madamu anamuyang'ana, anayang'ana jumbo, anatambasula dzanja. Mayiyo anatulutsa foni ya namwino ija n'kuiika m'dzanjamo, ife tili pomwepo, juwisi ali m'manja. Pempho lachiwiri linafa tisanadzuke n'komwe. Wapampando anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo. Madamu anatembenukira kwa ine.

"Khalas?" anafunsa, kutanthauza kuti nkhani yatha?

Ndikanatha kuika tambula pansi, kumugwira mayiyo padzanja, kutuluka naye. Geti inali isanatsekedwe, takisi inali panja ikudikira. Ndinaganiza zimenezo, ndikukumbuka bwinobwino kuti ndinaganiza.

"Khalas," ndinatero.

Lachisanu lotsatira gulu lathu linali litasanduka magulu awiri. Namwino ndi anthu amene anagwirizana naye anayamba kupemphera kwina, ndipo ankawatcha enawo ogulitsa anthu. A mbali ya wapampando ankati enawo ndi osokoneza amene adzatithamangitsitsa tonse. Anthu amene ankasonkherana pa maliro anayamba kulambalalana mu sitima ya pansi. Ine sindinapite ku gulu lililonse. Ndinatenga chitenje chatsopano ndi kapenta amene wina anandibweretsera, ndinapita ku Al Murra ndekha.

Ndinaliza belu. Mawu anatuluka pa kabokosi ka pakhoma, kundifunsa kuti ndine ndani. Ndinati ndine amene ndinabweza wantchito wawo, ndabwera kudzamuona monga tinapanganira. Anafunsa ngati ndine wa ku ofesi imene inamubweretsa. Ndinati ayi. Wapolisi? Ayi. Ndiye ukufuna chiyani, tinakuthokoza kale. Kabokosi kanazima. Ndinaima padzuwa paja mpaka kapenta anayamba kununkha m'pepala. Kwathu nkhoswe ikagogoda chitseko chimatseguka, chifukwa mwamuna amadziwa kuti mawa adzakumana nayo pamaliro kapena pachigayo. Madamu uja analibe koti adzakumane nane.

Ulendo wachitatu ndinapeza dalaivala wa pakhomopo akutsuka galimoto panja. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandiuza kuti mayi uja anamutumiza kwa abale a bwana, ku famu ina kunja kwa mzinda. Kumene kuli famuyo anati sakudziwa. Lamulungu m'mawa ndinapempha chilolezo kusukulu n'kupita ku ofesi ya madandaulo ija. Anandilandira bwino, anandifunsa nambala ya chiphaso chake ndi dzina lake lonse monga lilili pa pasipoti. Ndinalibe chilichonse mwa zimenezi. Ndinamuperekeza munthu ndisanamufunse ngakhale dzina la bambo ake.

Patapita masabata angapo foni yanga inalira ndili m'chipinda cha aphunzitsi, nambala ya ku Zambia. Anali mayi wachikulire, nkhuku zikumveka kumbuyo. Wapampando, posunga mwambo mpaka kumapeto, anali atafufuza akwawo kudzera kwa anthu a ku Chipata, n'kuwatumizira uthenga kuti nkhani inatha bwino, ndipo nkhoswe ya mwana wawo ndi ine.

"Ndimwe amai aphunzitsi? Zikomo, zikomo mwana wanga. Tenze osagona ise kuno. Lomba tamvela kuti ali na munthu omuyang'anila, mtima wakhala pansi. Mulungu akudalitseni. Nanga ali bwanji mwana wanga?"

Anzanga ankamwa tiyi, wina akuseka pakona. Ndinali ndi manyazi amene sindinakhalepo nawo chibadwire, ndipo ndinkadziwa chimene mayiyo ankayenera kumva kuchokera kwa ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene.

"Ali bwino, amayi," ndinatero. "Ndinamuona Lachisanu."