Goji wa Alamu Anga

Amayi anathyola tiyi zaka zonse za mphamvu zawo, ndipo atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi msana wopindika komanso matenda a bipi. Za msana tinangozisiya, koma bipi inakhala ntchito yanga. Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye amatsala pamudzi, choncho ine ndinkasunga kabuku kawo ka kuchipatala, ndinkawakweza kabaza mwezi ndi mwezi kukatenga mapilitsi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaima pamaso pawo mpaka ameze. Iwo ankadana nawo mapilitsiwo, ati amawakodzetsa ngati mwana. Ine sindinkamvako zimenezo, chifukwa mapilitsi omwewo ndiwo ankawayendetsa kupita kumunda kwawo kukalima nandolo ndi chinangwa popanda wowagwira mkono.

Kenaka alamu anga, akazi a achimwene, anabwerako ku Joni kumene anakagwira ntchito ya m'nyumba miyezi ingapo. Anatsika ndi wigi, magalasi akuda ndi chikwama chodzaza timapaketi ta tizipatso tofiira touma, tokwinyika ngati tsabola woyanika. Ankati dzina lake ndi goji, ndipo timachokera ku Tchaina. Tsiku lomwe anabwera kudzalonjera amayi, anakhala pakhonde n'kutsegula paketi imodzi mwaulemu ngati akutsegula Baibulo.

"Amayi, abwana anga aakazi ndi aakulu kuposa inu, koma amathamanga m'mawa uliwonse," anatero alamu. "Chinsinsi chawo n'chimenechi. Maso amayera, magazi amatsukika, bipi imathawa yokha."

"Nanga mapilitsi, alamu?" ndinafunsa.

"Mapilitsi amaononga impso, alamu. Inu simunayende, simungazidziwe."

Mawu akuti simunayendewo anandilasa pamtima. Ndinatolako kachipatso kamodzi n'kutafuna. Kanali kotsekemera pang'ono, kowawasira kumapeto, ndipo kanandikanirira m'mano. Ulendo wotsatira wa kuchipatala ndinatenga paketi yopanda kanthu kukaonetsa adokotala. Anaiwerenga, n'kumwetulira.

"Ndi chipatso chabwino, mayi. Chili ndi mavitamini, ndipo amati chimathandizako maso. Koma ndi chakudya, si mankhwala. Magwafa, mapapaya ndi mabulosi a kuseri kwa nyumba yanu nawonso ndi opatsa thanzi. Azidya akafuna, koma mapilitsi asasiye ngakhale tsiku limodzi."

Amayi anali pomwepo ndipo anamva ndi makutu awo. Koma titatuluka anangoti, "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Iwe nsanje yakukulira." Anagulitsa nandolo wawo n'kugula mapaketi. Goji ankamunyika m'madzi otentha n'kumamwa ngati tiyi, ndipo alamu akabwera kuchokera ku Chonde, kumene ankachita lendi ndi achimwene, awiriwo ankanong'onezana m'Chilomwe, chimene ine ndimangochimva mwa apo ndi apo. Alamu anakulira kufupi ndi Muloza, ndiye Chilomwe amachilankhula ngati akumwa madzi. Ine ndinkadzitonthoza kuti palibe choopsa, poti mapilitsi ndinkawaika ndekha pa lilime la amayi.

M'mawa wina m'chilimwe amayi anagwa m'munda mwa nandolo. Ndinawapeza atagona chammbali, kamwa itapotoka, dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Nditapita kunyumba kukawatengera zovala, ndinapeza pansi pa matiresi kabotolo ka mafuta odzola kodzaza mapilitsi osungunuka theka, omatirirana. Miyezi yonseyo ankawabisa pansi pa lilime, ine ndikatembenuka n'kulavula. Ndinakhala pansi kabotoloko kali m'manja.

Alamu anabwera kudzazonda kamodzi kokha, atanyamula fulasiki ya tiyi. Anayang'ana amayi, n'kupukusa mutu.

"Izi ndi za anthu, alamu. Anawachitira nsanje poona kuti akunenepa."

Ndinaimirira kuti ndiwagwire pakhosi, koma achimwene anandikokera panja. "Mlongo, zachitika zachitika. Tisayambanirepo pa matenda." Koma alamuwo ndinawasungira kampeni kumphasa.

Titabwerera kumudzi, moyo wanga unakhala wa beseni ndi sipuni. Ndinkawasambitsa amayi, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, kuwapukuta dovu, kuwanyamula kupita kuchimbudzi. Mayi amene ankasenza dengu la tiyi kukwera nalo mtunda tsopano ankalemera ngati mwana wasukulu. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, olemera, otuluka mbali imodzi ya kamwa. Pa anthu onse a padziko, ine ndekha ndi amene ankalola kuti ndiwaone ali chomwecho. Alendo akabwera ankafuna ndiyambe ndawafunditsa bwino ndi kuwamanga duku.

Patapita miyezi itatu, mayi wina woyandikana nafe anandionetsa foni yake. Panali chithunzi cha amayi chojambulidwa asanadwale sitiroko, ataima m'munda khasu lili paphewa, akuseka. M'munsi mwake alamu analemba kuti apongozi awo anatsanzikana ndi bipi chifukwa cha goji, ndipo wofuna awapeze pamsika wa Chonde. Magazi anga anawira. Alamu anawapha amayi ziwalo, ndipo tsopano ankadyera nkhope yawo! Sindinapite kwa achimwene, sindinapite kwa ankhoswe. Nkhani za kwa ankhoswe zimathera pa "pepani" ndi kugwirana chanza, ndipo ine sindinkafuna pepani. Ndinkafuna alamu amve kuwawa pamaso pa anthu.

Tsiku la msika ndinawasambitsa amayi, n'kuwaveka chitenje chomwe chinali pachithunzi chija. Ndinawanamiza kuti tikupita kuchipatala. Tinakwera njinga yamoto, iwo pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira. Titafika pa Chonde anandiyang'ana modabwa, koma ine ndinawabereka kumsana n'kulowa nawo m'chigulu.

Tebulo la alamu linali pakati pa wogulitsa nanazi ndi wa kaunjika. Anthu achikulire angapo analizungulira, ndipo mayi wina wachisilamu anali ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, akumvetsera kukamwa kuli yasa. Alamu anali atakweza foni m'mwamba, akuonetsa chithunzi. Ndinabwereka mpando kwa wa nanazi n'kukhazika amayi pambali penipeni pa tebulolo.

"Pitirizani, alamu," ndinatero. "Ndakubweretserani mboni yanu, anthu asavutike ndi kusuzumira pa foni."

Nkhope ya alamu inachita kutuwa. "Alamu, chonde, tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kulibe makasitomala."

Ndinatembenukira kwa anthuwo n'kukweza mawu mpaka a kaunjika anasiya kuitanira malonda. "Amayi ndi abambo, awa ndi omwe ali pachithunzipo. Ndi mayi anga ondibereka. Ankalima okha, ankasenza okha madzi. Anauzidwa ndi mayi ogulitsawa kuti asiye mapilitsi, azimwa tizipatso iti. Tizipatsoto tilibe mlandu, idyani mukafuna, ndi chakudya ngati magwafa. Koma onani zimene bodza la mayi awa lachita!"

Ndinagwira dzanja lakufa la amayi, n'kulikweza m'mwamba kuti onse alione, kenaka n'kulisiya. Linagwera pamwendo pawo kuti phwa. Anthu anafuula, "Mayo ine!" Ndinalikwezanso kachiwiri. Dovu linali likutsika pachibwano pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chidwalireni sindinalipukute, chifukwa ndinkafuna lioneke.

Mayi wachisilamu uja anabwezera paketi patebulo, n'kulowetsa kabuku kake m'chikwama. Bambo wina anayamba kukalipa kuti akazi ake nawonso anasiya mankhwala a shuga sabata yatha. Azimayi ogulitsa tomato anayamba kuwowoza. Alamu anayesa kusonkhanitsa mapaketi, ena akugwera m'fumbi, anthu n'kumawaponda. Anathawira kuseri kwa mashopu akulira, magalasi akuda atawasiya patebulo. Ndinene zoona, ndinamva kukoma. Chibadwire sindinadyepo chinthu chokoma ngati manyazi a alamu tsiku limenelo. Ndinaona ndithu kuti amayi akuyesa kukoka chitenje ndi dzanja lamanzere kuti abise nkhope, koma ndinayang'ana kumbali n'kupitiriza kulankhula mpaka mawu anandithera.

Alamu sanagulitsenso goji, pa Chonde kapena kwina kulikonse. Chithunzi anachichotsa tsiku lomwelo. Achimwene anabwera madzulo kudzandilalatira, ine ndinawauza kuti akalalatire kabotolo ka mapilitsi kaja, ndipo anabwerera mutu uli pansi. Ndinkaona kuti ndapambana kotheratu.

M'mawa mwake ndinatenthetsa madzi monga mwa masiku onse, n'kupita kukawavula amayi. Anagwira chitenje pachifuwa ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu zomwe sindinkadziwa kuti akadali nazo.

"Usandigwire," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Unandiyala pamsika ngati kaunjika."

"Amayi, ndinachitira inu. Uja ndi amene anakupwetekani."

"Uja anandinamiza, ine ndinamvera ndekha. Iwe unandivula pagulu. Kaitane mpongozi wanga."

Ndinayesa kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Anakhala masiku atatu osasamba, akukana phala la m'dzanja langa, akutembenukira kukhoma ndikalowa. Tsiku lachinayi ndinameza malovu owawa n'kutumiza uthenga kwa achimwene. Alamu anafika atavala duku, opanda wigi, osandiyang'ana kumaso. Anagwada pafupi ndi mphasa ya amayi n'kulira, ndipo amayi anawasisita mutu ndi dzanja lamoyo lija.

Kuyambira pamenepo alamu amabwera m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa. Amawasambitsa, amawadzoza mafuta, amawamwetsa mapilitsi omwe ankati amaononga impso, ndipo amayi amameza osatsutsa. Kwa alamu sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Pena ndimadziuza kuti chilango chawakwana, poti tsiku lililonse amatsuka ndi manja awo dzanja lomwe analipha, ndipo maganizo amenewo amanditsekemerabe. Koma ndikamva awiriwo akuseka m'Chilomwe kuseri kwa mpanda wa bafa, kutsekemerako kumatha. Kwa amayi ndapepesa kambirimbiri, nditagwada, ndipo amangoti amva. Ntchito yanga tsopano ndi kutenthetsa madzi n'kuwasiya pakhomo pa bafa, chifukwa mpaka lero salola kuti dzanja langa liwakhudze.