Anyezi amene a Telala anazula

A Telala anasoka zovala zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ina. Atasiya anauza anthu kuti msana wakana. Linali bodza. Maso ndiwo anayamba kuchita nkhungu.

Dimba lathu lili kuseri kwa msika, ndipo kiyi wa pachipata ndimasunga ine. Tilipo mabanja khumi ndi asanu ndi limodzi, lililonse ndi ndime yake, malire ndi chingwe chabe. Lamulo ndi limodzi: ukalephera kusamala ndime yako, kapena ukawononga ya mnzako, imapita kwa wina. Odikira ndi ambiri.

A Telala analandira ndime akazi awo atamwalira. Ankandidikira pachipata m'mamawa, ena asanafike. Poyamba ndinkati ndi khama. Kenako ndinaona kuti sankafuna kuti anthu awaone akupapasa. Ankawerenga mapazi kuchokera pachipata. Pampopi ankamvetsera kulira kwa madzi kuti adziwe ngati ndowa yadzaza. Popalira ankagwada n'kumakhudza tsamba lililonse. Sindinauze munthu.

Mwana wawo anali atawakonzera kale kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa nyumba yake. Ankati, "Bambo, mukangosiya zadimbazi, mubwere mudzakhale pansi." A Telala kachipindako ankakaopa kuposa manda.

Lolemba lina madzulo munthu wina anamasula chingwe kuti adutsitse wilibala ya manyowa, n'kuchimanganso pachikhomo cholakwika. M'mawa mwake a Telala anatsata chingwecho ndi dzanja. Anali ndi chimfine, mphuno zitatseka. Anyezi wamng'ono m'zala amamveka ngati udzu.

Ndinawapeza atakhala pansi, mulu wa mbande uli pambali.

"Achimwene, tanunkhizani ichi. Ndi udzu?"

"Ndi anyezi."

"Wa ndani?"

"Wa Mayi a Mapasa. Theka la bedi."

Anayamba kubwezera mbandezo m'dothi, zina mizu m'mwamba.

"Mukanene kuti ndi nkhuku."

"Nkhuku siunjika zimene yafukula."

"Ndiye munene kuti ndinaledzera. Woledzera mawa amachira."

"Inu simumwa. Aliyense akudziwa."

Mayi a Mapasa amagulitsa anyezi pamsika, ndipo pakamwa pawo sipapita ntchentche kawiri. Anafika dzuwa litakwera, naima manja m'chiuno.

"Kodi wameta bedi langa ndani? Wameta mpala ndithu, wangoiwala kundipatsa galasi ndidzione."

A Telala anaimirira n'kuvula chipewa. "Ndine, mayi." Koma ankayang'ana mtengo wa papaya.

"Bambo, ndili kuno."

Anatembenuka. Mayiwo anakweza dzanja. "Zala zingati izi?"

A Telala anapenyetsetsa, koma zalazo sanazione. Thukuta linkatsika m'khosi.

Nkhani tinaiika pamsonkhano wa Loweruka. Masiku anayi amenewo ankabwerabe, koma osagwira chilichonse. Ankakhala pamwala pafupi ndi ndime yawo, manja atawapanira m'mawondo. Munthu akadutsa ankadzidzimuka. Kawiri anandifunsa ngati mwana wawo wamva.

Pamsonkhano Aphunzitsi, amene mlamu wawo ndi woyamba pa odikira, anati lamulo silikhala ndi maso a chifundo. "Lero anyezi, mawa athira mankhwala a udzu pa tomato wanga." Ambiri anagwedeza mitu movomereza. Aphunzitsiwo sankanama.

Mayi a Mapasa ndiwo analankhula pomaliza. "Anyezi ndi wanga, si wa alamu anu. Ndime yonse bambowa sangaithe. Theka ndilime ine, theka asunge. Pakati tiike njerwa, chingwe chimayenda."

"Mwapezerapo munda, mayi," anatero Aphunzitsi.

"Eya. Mumafuna ndipezerepo chiyani, chimfine?"

Asanu ndi anayi anavomera, asanu ndi mmodzi anakana. Ine ndinawonjezera kuti a Telala azibzala kabichi ndi maungu basi, zimene dzanja silingasokoneze, ndipo mankhwala asamakhudze. Tinagwirizana kuti akalakwitsanso, ndime ipita.

Akubwerabe m'mamawa. Mwana wawo sakudziwa. Ndikamatsegula chipata amandifunsa chapansipansi, "Pali amene wadandaula?" Ndimati palibe.

Dzulo anathira ndowa zinayi m'njira, kabichi ali pouma. Ndinakwirira matopewo ndi dothi louma ena asanafike, kabichi ndinathirira ndekha iwo atapita. Sindingatero tsiku lililonse. Msonkhano wina uli kumapeto kwa mwezi uno.