Chingwe Chopingasa cha a Gervazio

A Gervazio ankasamala makompyuta pa kawailesi kena ka mpingo kumapiri a ku Bembeke. Ntchitoyi anaiphunzira kwa a Bulazala ena kumishoni, ndipo anakalamba nayo.

Makompyuta aakulu analipo awiri, olondera nkhokwe imodzi ya nyimbo za makwaya a m'midzi, zambiri zoimbidwa ndi anthu amene anagona kale. Ina ikamagwira ntchito, inzake inkadikira. Pakati pawo panali chingwe chachifupi chimene ankauzirana kuti onse ali moyo. M'kati mwa chingwecho tiwaya tobiriwira ndi taolenji tinkasinthana malo kunsonga inayo, kuti pakamwa pa iyi palunjike khutu la iyo. A Gervazio ankachikonza ndi manja awo.

Kenaka m'maso mwawo munagwa nkhungu yosachoka. Sanauze munthu, koma akazi awo, a Anjelina, anaona.

"Abambo, nyembazi mwasankha kapena mwangozisisita? Miyala yonseyi!"

"Mano muli nawo, mayi."

"Pitani kuchipatala inu."

"Akangomva a komiti, mawa pampando panga pakhala wina. Ndimadziwa ntchito yanji ina ine?"

M'mawa wina anapeza khoswe atayamba kudya chingwecho. Anazimitsa makompyuta, nakhala pawindo kukonza china. Zala zinkakumbukira ntchito, koma tiwaya tonse tinkaoneka totuwa. Nsonga ziwirizo anazisanja mofanana osadziwa. Atayatsa, pakamwa panakumana ndi pakamwa. Kompyuta iliyonse inayesa kuti inzake yafa, ndipo onse awiri analowa m'nkhokwe kulemba pamwamba pa zolemba za inzake. Pofika masana nyimbo zinali phokoso lokhalokha, ndipo panalibe kwina kokazitenga.

A Timoteyo, wapampando wa komiti, sanakalipe. Anali mnzawo wa kusukulu. Anatola kawaya kamodzi pansi nakaika m'dzanja la a Gervazio.

"Achimwene, aka n'kamtundu wanji?"

A Gervazio anakasendeza pafupi ndi diso, nakatembenuza, nakatembenuzanso.

"Kobiriwira."

Kanali kaolenji. A Timoteyo anayang'ana kumbali. Kenaka anatambasula dzanja, ndipo a Gervazio anapereka makiyi.

Masiku ano amakhala pakhonde, atafunda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amayi ena a ku Lobi anabwerapo wapansi kudzafunsa ngati mawu a malemu amuna awo angamvekenso pawailesi. A Gervazio anawapatsa mpando, nawauza zoona.