Tepi ya a Eelis ndi Atsekwe a ku Kaltiola

A bungwe la anthu ochokera ku Kaltiola anandipempha kuti ndilembe za bambo anga, malemu a Eelis Hietala, m'kabuku kathu ka chaka chino. Ndinakana kawiri. Ine ntchito yanga ndi ya m'famase, ndipo sindinalembepo kanthu kotalika kuposa kalata, choncho pamene ndalakwitsa tsiku kapena dzina, achikulire mundikonze.

Bambo anabadwa mu Malichi 1935. Buku la kutchalitchi limati pa 4, koma iwo ankati pa 3, akuti abusa anachedwa kufika chifukwa cha chipale. Anakulira m'mphepete mwa dambo lalikulu lija limene tsopano lili pansi pa madzi. Nyengo yozizira ankadula mitengo m'nkhalango, nyengo yotentha ankamweta udzu wa ng'ombe pa dambo, madzi ali m'maondo, udzudzu uli m'makutu. Anakwatira mayi anga, a Senja, mu 1959, ndipo ine ndinabadwa patapita zaka ziwiri. Sanali munthu wa mawu ambiri, ngakhale powayerekeza ndi amuna anzawo a kwathu, omwe nawonso mukuwadziwa.

Chakumapeto kwa 1966 anapita ku Sweden kukagwira ntchito m'fakitale ya mapepala, monga anachitira ambiri atamva kuti damu la magetsi latsala pang'ono kutha ndipo mudzi umira. Mayi anawatuma makina osokera. Iwo anabwera ndi makina ojambulira mawu, a mabatire, olemera ngati thole longobadwa kumene.

"Ndiye malaya a mwanayu ndizisokera chimenechi?" anafunsa mayi.

"Malaya m'tauni amagulitsa," anatero bambo. "Mbalame za pa dambo sagulitsa."

Tsiku lina la mu Juni 1967, chaka chathu chomaliza m'mudzi, nthawi yokama ng'ombe itayandikira, bambo ananyamula makinawo n'kukawaika pa chitsa m'mphepete mwa dambo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, choncho zimene ndikukumbuka ndekha n'zochepa, zambiri ndazimva pa tepipo. Pamamveka kuovi, mbalame ya mlomo wautali wopindika ija, ikulira ngati madzi akutuluka m'botolo. Pamamveka timbalame ta m'tchire, mphepo, ndi bambo akudziomba pakhosi chifukwa cha udzudzu. Ndiyeno pa mphindi ya 23 pamamveka mayi. Sankadziwa kuti makina akuyenda. Anaima pa mpanda n'kuitana ng'ombe monga ankaitanira amayi onse a kwathu, mawu aatali okwera m'mwamba kenako n'kugwa, dzina la ng'ombe lili kumapeto kwake. Atangomaliza, atsekwe oyera aatali makosi amene anali pakati pa dambo anayankha onse pamodzi.

Kenako pamamveka izi:

"Senja, wandiwonongera mbalame!"

"Mbalame zanuzo kazikameni tione mkaka wake."

Tinasamukira m'tauni, m'nyumba yosanja, chipinda chapamwamba penipeni. Patapita zaka zitatu bambo anapeza ntchito ku holo imene gulu la oimba la mzinda limaimbiramo. Ankayala mipando ndi zoikapo mapepala a nyimbo, kunyamula ng'oma zikuluzikulu, kutsegula ndi kutseka. Anagwira ntchitoyi zaka 27. Ankadziwa woimba amene amafuna mpando wamfupi ndi amene msana umamuvuta, koma nyimbo ankazimvera ali chilili kuseri kwa chitseko, sanakhalepo pa mpando wa anthu oonera. Mayi ankaphika pa sukulu. Ng'ombe zinali zitagulitsidwa, ndipo m'nyumba yosanja munthu safuula, choncho sindinawamvenso akuitana kanthu mokweza, ngakhale ineyo. Anamwalira mu 1998. Mawu awo sanajambulidwe pena paliponse kupatula pa tepi ija. Chaka chilichonse mu Juni bambo ankaika makinawo pa tebulo la kukhitchini, kutsanulira khofi, n'kumvetsera mpaka pa mkangano uja, kenako n'kuzimitsa.

Mu 2009 mtsikana wina wopeka nyimbo, Ruut Vaarala, anapemphedwa kuti alembere gulu la oimbalo nyimbo yokumbukira midzi imene inamira. Za tepiyo anazimva kwa a Raimo, woimba lipenga lopindika, mnzawo wa bambo wa kalekale. Ruut anabwera kunyumba, anavula nsapato pakhomo, n'kumvetsera tepi yonse atatsinzina. Anati akufuna kuti mbalamezo zidzamveke m'holo pamodzi ndi oimba. Bambo anam'bwereketsa tepiyo atakulunga m'thaulo.

Mu Julayi, pa msonkhano wathu wa chaka ndi chaka wa m'mphepete mwa damu, ambiri a inu munaona zimene zinachitika. Bambo anaimirira, chinthu chimene anali asanachitepo pa msonkhano uliwonse, n'kunena kuti, "Mu Novembala mubwere ku holo. Senja akamveka." Basi anakhala pansi. Tsiku lomwelo anthu 39 analembetsa mayina oti adzakwere basi.

Tsopano ndafika pamene ndinalakwitsa, ndipo ndiyesetsa kupafotokoza mosadzikomera. Mu Ogasiti Ruut anandiimbira foni ine, chifukwa bambo pafoni ankangoti eya ndi ayi. Anati mawu a mayi ndi okongola, koma sakugwirizana ndi kamvekedwe ka mavayolini, amadutsa pakatikati, ndiye zikamveka pamodzi zimakhala ngati wina waphonya. Anapempha kuti awachotse pa kompyuta, asiye mbalame zokha, ndipo m'malo mwake lipenga la a Raimo lidzaimbe motsanzira kuitanako. Anati ndiwafunse bambo.

Ndinawapeza akusankha zipatso za m'nkhalango pa nyuzipepala, kuchotsa masamba. Ndinawafotokozera zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, zala zikugwira ntchito. Kenako anati, "Amene akudziwa ntchito yake ndi iyeyo."

Ndinam'bwezera foni Ruut n'kumuuza kuti bambo avomera.

Kwathu kuno munthu akakhala chete timati wavomera, ndipo nthawi zambiri timalondola. Koma anthu a msinkhu wa bambo anali ndi chete wina, wa munthu amene sangapemphe kanthu kwa wophunzira kuposa iye, ngakhale kanthuko kali kakekake. Ine ndinali ndi zaka 48, ndinali nditakhala nawo moyo wanga wonse, koma sindinasiyanitse. Ndinaona ndithu kuti sanauze aliyense wa m'bungwe kuti zinthu zasintha. Mayi Saimi, omwe kumudzi nyumba yawo inali kutsidya kwa mpanda wathu, anandiimbira kawiri kufunsa ngati diresi lakuda lingakhale loyenera pokamva Senja. Ndinayankha kuti n'loyenera. Ndinkaopa kuwauza zoona, ndipo ndinkaopanso kuwafunsa bambo kachiwiri.

Mu Novembala, Lachisanu m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti nyimboyo iimbidwe, tinaitanidwa kukamvera oimba akuyeserera. Bambo anafuna kukaima kuseri kwa chitseko chawo chakale, koma a Raimo anawaona.

"Khala pansi, mdala iwe, unapuma ntchito! Mipando akuyala ndi ena tsopano, ndipo ikuwongoka bwino kuposa kale."

"N'chifukwa chake wanenepa," anatero bambo. Anakhala pa mzere womaliza, pafupi ndi khomo.

Nyimbo sindidziwa kuzifotokoza, ndingonena zimene ndinamva. Inayamba ndi mavayolini akuimba pansipansi, osasuntha, ngati nkhungu ili pa madzi. Kenako kuovi analira kuchokera m'masipika, zitoliro ziwiri n'kumutsatira pambuyo, china chikuchedwerako dala. Ndinamva fungo la dambo, ngakhale ndikudziwa kuti zimenezo sizingatheke. Patapita nthawi a Raimo anakweza lipenga lawo n'kuimba mawu aatali, okwera kenako n'kugwa, osalala bwino. Atsekwe anayankha.

Pa nthawi yopuma oimba anatsikira kwa ife, makapu a khofi ali m'manja. Ruut anabwera ndi mapepala ake pachifuwa.

"Nanga bwanji, mdala?" anafunsa a Raimo. "Ndaitana bwino?"

"Sizoipa," anatero bambo. "Kungoti ng'ombe zikanathawira ku Russia."

Anthu anaseka, koma Ruut sanaseke. "Pali chimene chalakwika, bambo Hietala? Ndiuzeni, musandibisire."

Bambo anayang'ana chipewa chawo. "Atsekwewo akuyankha ndani?"

"Akuyankha lipenga."

"Ine ndinalipo. Kunalibe lipenga."

Ruut anatembenukira kwa ine. "Koma a Marjatta anati munavomera."

"Marjatta, ine ndinati chiyani?"

Ndinabwereza mawu awo aja monga anawanenera.

"Ndiye kuvomera kumeneko?" anafunsa bambo. Sanakweze mawu. Kunena zoona zikanandipepukira akanakweza.

Ruut anafotokozanso za kamvekedwe, mwaulemu ndithu, kuti mawu a mayi amagwera pakati pa manotsi a nyimbo. Anati mapepala anasindikizidwa kale, wotsogolera oimba wachokera kutali, ndipo mwayi woyeserera watsala umodzi wokha.

"Zaka 27 ndinkaona chinthu chimodzi," anatero bambo. "Musanayambe kuimba, chitoliro chimodzi chimalira, nonse makumi anayi n'kuchuna zida zanu kuti zifanane nacho. Palibe amene amati chitoliro chaphonya. Ndiye ine ndimaganiza kuti mwina... koma amene akudziwa ndinu."

Ruut anayang'ana mapepala ake. Kenako anati akaganiza, n'kupita. Sanatiimbire Loweruka. Ine ndinanyamula foni katatu, n'kuibwezera pansi katatu konse. Bambo anasita malaya awo okha.

Lamlungu basi inafika cha m'ma thu koloko masana, chipale chikugwa. Anthu a kwathu anavula majasi pakhomo, akazi akusintha nsapato za m'chipale n'kuvala zapamwamba zimene anabwera nazo m'matumba. Aliyense ankagwira bambo chanza n'kunena kuti, "Ndiye lero timumva Senja." Bambo ankangogwedeza mutu, ndipo pa nthawi imeneyo sindinayesenso kumasulira kugwedezako. Mayi Saimi, a zaka 81, anakhala kumbuyo kwathu kwenikweni, ndi diresi lawo lakuda. Makutu awo anali atayamba kale kuvuta.

Nyimbo ya Ruut inali yachiwiri. Mavayolini aja, kuovi, zitoliro. Ine maso anga anali pa a Raimo okha. Malo aja atayandikira ndinawaona akutsanulira madzi a m'lipenga pansi, monga amachitira asanaimbe. Anakweza lipengalo mpaka pachifuwa. Kenako analigoneka pamiyendo n'kupinda manja. Wotsogolera anatsitsa kandodo kake, mavayolini onse anasiya, m'holo munangotsala mphepo ya pa tepi.

Ndipo mayi anaitana.

Mawuwo anali aang'ono kuposa mmene ndinkawakumbukira, a mtsikana wa zaka 29, koma anafika mpaka kudenga. Anaitana Punikki. Anaitana Kielo. Anakoka mpweya, n'kuitana Omena, motalikitsa kuposa zinazo.

"Omena!" Awa anali mayi Saimi kumbuyo kwathu, ndi mawu oti holo yonse inamva. "Ng'ombe yanga imeneyo! Senja ankaiitaniranji ng'ombe yanga?"

Anthu a m'tauni anatembenuza mitu onse pamodzi. Ine ndinafuna kulowa pansi pa mpando. Bambo anatembenuka pang'ono, nawonso osanong'ona, n'kunena kuti, "Poti inkabwera kwa iye. Inu ikakumvani inkalowa m'nkhalango."

Pomwepo atsekwe anayankha, ndipo oimba onse analowa pambuyo pawo mwamphamvu. Pa mizere itatu ya anthu a ku Kaltiola mapewa ankagwedezeka, ena akuseka, ena akulira, zinali zovuta kusiyanitsa.

Titatuluka, pa malo otengera majasi, ndinapita kwa Ruut kukapepesa chifukwa cha phokosolo. Anati ndisadandaule, ndipo anafunsa ngati mayi Saimi angabwerenso nyimboyo ikamadzajambulidwa. Sindikudziwa ngati ankanena zoona. A Raimo anabwera atanyamula lipenga lawo m'bokosi.

"Eelis, mkazi wako wandilanda ntchito ali kumanda. Malo anga oonekera anali omwewo m'nyimbo yonse!"

"Ukanaphunzira kukama," anatero bambo.

Mayi Saimi anali atawagwira kale pamkono, akuwafotokozera za chaka chimene Omena inabadwa, mayi ake ndi ndani, ndi tsiku limene inathyola mpanda. Bambo ankatsutsa chilichonse. Anatsutsana mpaka pa khomo la basi, dalaivala akudikira injini ili chilirire, ndipo ndikukhulupirira kuti sindinawamvepo bambo akulankhula mawu ambiri chotero tsiku limodzi.

Bambo anamwalira chaka chatha mu Januwale, m'tulo. Popeza kabukuka kadzasungidwa, ndiyenera kulemba zimene ndinapeza nditafunsa anthu atatu osiyana amene ankakama ng'ombe kumudzi nthawi imeneyo. Onse atatu akuti Omena inalidi ya mayi Saimi. Awiri mwa iwo akuti inkagona m'khola lathu.