Mehari za Tsuyako

Kumtunda kwa mtsinje wa Kitayama, amuna oyendetsa zipika pamadzi ankaopa zinthu ziwiri: mathithi a nthawi ya mvula ndi manja a Tsuyako, mwana wa a Sakuji.

Amayi ake anamwalira iye akadali kamtsikana, ndiye ntchito youmba mehari, mibulu ya mpunga yokulunga m'masamba, inamugwera msanga. M'mamawa ankaphika mpunga, n'kuvuula masamba a mpiru mumgolo momwe ankagona mumchere. Ankawafinya, n'kudula mapesi ake tizidutswa toika pakati pa mpungawo, kenako chonsecho n'kuchikulunga m'tsamba. Akazi ena ankaumba zolingana ndi nkhonya. Za Tsuyako zinkalingana ndi mutu wa khanda. Munthu akati alume, ankayasama mpaka maso kutong'oka, ndipo m'chilankhulo cha kumeneko dzina loti mehari likunena kutong'ola maso komweko.

A Sakuji anali mkulu wa gulu lomwe linkamanga zipika za mkungudza n'kutsika nazo mtsinje mpaka kutauni ya Shingu, choncho kamba wa gulu lonse ankachokera m'manja mwa mwana wawoyo. Apa ndi pomwe panali vuto. Mehari ikakulungidwa suona za m'kati. Mnyamata wina ananena mokweza kuti miyendo ya Tsuyako ili ngati zipika zosasenda. M'mawa mwake analuma yake ali pakati pa madzi, dzanja lina lili pa nkhafi, n'kupeza tsabola wodzaza tho. Anagwetsa misozi mpaka kumunsi, anzake akufa nako kuseka. Kuyambira pamenepo aliyense ankati akalandira phukusi lake, ayambe waganiza ngati dzulo analankhula bwino.

Mmodzi yekha ndi amene anamukanika. Genzo anali mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, nkhope ngati thanthwe. Tsuyako anamuikira tsabola popanda chifukwa, kungofuna kuona. Genzo anadya yonse, n'kubweza nsalu yokulungira ataipinda bwinobwino.

"Inakoma?" anafunsa Tsuyako.

"Inakoma."

"Simunamve kanthu?"

"Mchere unachepa pang'ono."

Tsuyako anapsa mtima tsiku lonse, ndipo anadabwa kuona kuti akungoganiza za iyeyo.

Koma a Sakuji anali ndi maganizo ena. Sankafuna kuti mwana wawo akhale mkazi wodikira mwamuna amene mtsinje ungamutenge tsiku lililonse. Anamupezera a Hamaguchi, kalaliki wa wogulitsa matabwa ku Shingu, munthu wa tindevu tosamalidwa ndi manja osalala ngati a mwana. Tsiku lodzaona mbeta, a Hamaguchi anavula nsapato pakhomo, n'kuyala kansalu pamphasa asanakhale.

"Tsuyako, apatse alendo kanthu kopepuka," anatero a Sakuji, akumuyang'ana ndi diso lochenjeza.

"Chabwino, bambo."

Anabwera ndi mehari imene mudzi unali usanaionepo. Anaitula ndi manja awiri, n'kugwada chapatali, maso pansi ngati mwana wa mwambo.

A Hamaguchi anaiyang'ana uku ndi uku. "Kodi pangapezeke kampeni, kapena timitengo todyera?"

"Ayi, pepani bwana," anatero Tsuyako motsitsa mawu. "Kwathu kuno mkamwini akadula mehari ndi mpeni, ndiye kuti wadula ukwati. Ndipo kuluma koyamba kumayenera kufika pakati penipeni, apo ayi ana amabadwa opanda mano moyo wawo wonse."

A Sakuji anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma mlendo anali atainyamula kale. Anali munthu wofuna kusangalatsa apongozi. Anayasama, n'kuyasamanso, maso ali tong'o, kenako panamveka kuti khwa! Nsagwada zinaguluka. Munthu uja anangokhala kukamwa yasa, dovu likutsikira pa malaya ake atsopano, akulira ngati mwana wa ng'ombe.

Dokotala anali kutali, kuseri kwa mapiri. Amene ankadziwa kubwezera mafupa a anzake akaguluka pamtsinje anali Genzo. Anabwera, n'kukulunga zala zake zazikulu m'nsalu, kuzilowetsa m'kamwa mwa kalaliki, n'kukanikiza. Nsagwada zinabwerera. Genzo anatuluka nkhope ili gwa, koma Tsuyako atafika kuseri kwa nyumba anamupeza atatsamira mgolo wa mpiru, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwee.

"Kani mumaseka?" anafunsa Tsuyako.

"Ana opanda mano!" anatero Genzo, n'kuyambiranso.

A Hamaguchi sanabwerenso. A Sakuji anakhala osalankhula ndi mwana wawo mpaka mpiru wina unakololedwa, koma pamapeto pake anagonja, n'kulola kuti akwatiwe ndi Genzo. Anati munthu amene angadye tsabola wa Tsuyako osadandaula ndi yekhayo angamuthe.

Ukwati wawo sunali wa mawu ambiri. Ankakangana kudzera m'kamba. Oyendetsa zipika akafika ku Shingu ankabwerera wapansi kudutsa m'mapiri, ndipo ena ankayamba achedwa m'nyumba za mowa. Ulendo wina a Genzo anachedwa nawo, n'kufika kunyumba akununkha mowa, mwana wawo Mitsue akudwala chifuwa. Tsuyako sanakalipe. Anawatenthetsera madzi osamba, n'kuwafunsa za ulendo mwaulemu wonse. Pa ulendo wotsatira a Genzo atamasula phukusi lawo anzawo akuona, anapeza mehari yokongola, tsamba lonyezimira. Analuma. M'kati munali mwala wa mumtsinje, wopakidwa mpunga pang'ono pamwamba.

Anadya tsamba ndi kampungako, mwala n'kuuika m'thumba. Pobwera sanachedwe. Anafika ndi kabokosi kokulungidwa m'pepala la sitolo yodula ya m'tauni, komangidwa ndi kariboni kofiira.

"Mayi a Mitsue, ndakugulirani kanthu."

Tsuyako anapukuta manja mwachangu, poti mwamuna wake anali asanamugulirepo mphatso. Anamasula mosamala kuti pepala lisang'ambike. Munali mwala uja.

"Bambo a Mitsue, ndinu munthu woipa."

"Ndinaona kuti munauiwala m'chakudya changa. Ndinati mwina mukuufuna."

Zaka zinapita, kumtunda anamanga madamu, ndipo zipika zinayamba kuyenda pa malole. A Genzo anatsika mtsinje komaliza, n'kupachika nkhafi kudenga. Kwa miyezi ankangokhala pakhonde kuyang'ana madzi. Tsuyako ataona kuti munthuyu afota ali maso, anagulitsa kamunda kawo n'kusamutsa banja kupita ku Shingu, komwe anatsegula kakhumbi kogulitsiramo mehari pafupi ndi siteshoni ya sitima. Tsuyako anawapatsa a Genzo ntchito yonyamula migolo ndi kufinya masamba.

Amayi a m'tauni ankafuna mehari zazing'ono, zoti munthu adye osachita manyazi pagulu. Tsuyako anakana kwa chaka chathunthu. Kenako anayamba kuumba tating'ono, koma ankatipereka akunena kuti, "Nazi za odwala."

Masiku amenewo mabasi a anthu opita kukapembedza ku akachisi a Kumano anayamba kuchuluka, ndipo aliyense ankafunsa funso lomwelo: kodi chakudyachi chinayamba bwanji? Poyamba a Genzo ndi amene ankayankha. Ankati anthu odula mitengo ndi oyendetsa zipika ankafuna chakudya chodya ndi dzanja limodzi, chopanda mbale, chosavunda msanga, ndipo amene anayamba palibe akumudziwa. Alendo ankangoti "oo," n'kugula imodzi.

"Mukuthawitsa anthu ndi chilungamo chanucho," anatero Tsuyako. "Khalani chete, muzingovomera."

Kwa wina ananena kuti anayambitsa ndi agogo ake, pobisa mpunga m'masamba kuti anyani asauone. Kwa wina anati ndi mkazi wa msodzi amene ankafuna kutseka pakamwa pa apongozi ake olongolola. Tsiku lina, kutagwa mvula ndipo malonda akuvuta, anati wansembe wina wosala kudya ankanamiza anzake kuti akungodya masamba. Nthawi zonse ankatembenuka n'kufunsa, "Si choncho, bambo a Mitsue?" A Genzo, nkhope ili gwa, ankati, "N'zoona." Anthu ankagula zambiri zokapatsa abale kwawo.

Zinavuta pamene atsikana awiri ofotokozera alendo m'mabasi anakumana pakhumbipo nthawi imodzi. Wina anali atakhala akuuza anthu ake za anyani, mnzake za apongozi, aliyense pa chimkuzamawu, ndipo alendo a mabasi awiriwo anayamba kutsutsana pamzere.

"Mayi, tiuzeni pamaso pa anthuwa," anatero wa anyani, nkhope itafiira. "Munandiuza ine kuti ndi agogo anu."

"Ine munati ndi mkazi wa msodzi!" anatero mnzake.

Mitsue, yemwe tsopano anali mayi wa ana ake ndipo ankathandiza pakhumbipo, anathawira kuseri ndi manyazi. Tsuyako sanasiye n'kuumba komwe.

"Ana inu, mukukanganiranji? Agogo angawo ndi amene anali mkazi wa msodzi. Nanga anyani aja mukuyesa anali ndani? Ndi apongozi awo ndi abale awo. Si choncho, bambo a Mitsue?"

A Genzo anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe. "N'zoona."

Mzere wonse unaseka, atsikana aja nawo anaseka, ndipo tsiku limenelo mpunga unatha dzuwa lisanapendeke.

A Genzo anamwalira nyengo ina yozizira, mwakachetechete monga ankachitira zonse. Tsuyako anatseka khumbi kwa kanthawi, ndipo atatsegulanso nkhani zija anazisiya. Wofunsa ankamuuza za dzanja limodzi ndi nkhafi, mwachidule. Mitsue atafunsa chifukwa chake, anangoti bodza lopanda wovomereza silikoma.

Tsuyako atakalamba, dokotala anamuletsa mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mitsue anachotsa migolo yonse m'nyumba n'kuyamba kumuphikira phala la mpunga losathira mchere. Tsuyako anamvera modabwitsa. Ankadya phala lake, n'kupempha kuti amutsekere chitseko apemphere pa kaguwa ka malemu mwamuna wake. Ankapemphera kawiri pa tsiku, nthawi yaitali, ndipo Mitsue ankauza anansi kuti amayi asintha.

Tsiku lina dokotala anabwera kudzamuyeza kunyumba, n'kupeza magazi akuthamangabe. Ananunkhiza m'mwamba, n'kuyenda molunjika ku kaguwa kaja. Kuseri kwa chithunzi cha a Genzo kunali kamtsuko ka mpiru wa mumchere, katatsala theka.

"Agogo, ichi n'chiyani?"

"N'cha amuna anga, adokotala. Ndimawaikira nsembe."

"Nanga akudya ndani?"

"Iwowo. Chimwalirireni, chilakolako chawo chachita kuwonjezeka."

Dokotala anayang'ana chithunzi, anayang'ana gogoyo, n'kukhala pansi pamphasa. Anagwirizana kuti azidya tsamba limodzi pa tsiku, osapitirira. Tsuyako anavomera, kenako anatuma Mitsue kumsika kuti akafunefune mpiru wa masamba aakulu kuposa onse. Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo akudya tsamba lake limodzi, lomwe nthawi zina linkakwana kufunditsa mwana.